Dzina la Duwa Limene Pili Adasunga

Ku Meluluca, mudzi wa m'mphepete mwa nyanja, kudali mayi wina dzina lake Pili, mwana wa a Mfaume. Mukadafunsa anthu a kumeneko kuti mayiyu amadziwika ndi chiyani, akadayamba akanda kaye m'mutu. Kuimba ayi, uzamba ayi, ngakhale kulongolola kumene, komwe akazi ena a m'gombelo adabadwa nako, iye kudamulambalala. Ankaviika chinangwa, kuyanika usipa pathandala, kusenza nkhuni, kugona, kudzuka, kuviikanso chinangwa. Anthu otere ndiwo adadzaza dziko lino, ndipo nkhondo ikabwera imawaponda osadziwa n'komwe kuti yaponda munthu.

Chimene chinkamudya mtima kuyambira ali mtsikana chidali dzina lakelo. Bambo ake adayendako kunyanja ya mchere ali mnyamata, nabwerako ndi mawu angapo a Chiswahili ndi chifuwa chosatha. Mwana woyamba adamutcha Mosi, ndiye kuti woyamba. Wotsatira adamutcha Pili, ndiye kuti wachiwiri. Bamboyo akadapitiriza kuwerenga, koma mkazi wake adamwalira, Mosi naye adatsatira, ndipo Pili adakaleredwa ndi amayi ake aakulu, a Hana, munthu wa fodya wa m'mphuno ndi lilime lowawa ngati tsabola.

"Ine sadanditche dzina," ankatero Pili kwa anzake pokatunga madzi. "Adangondiwerenga ngati mbuzi."

Mwina n'chifukwa chake adagwa m'manja mwa Selemane. Mnyamatayu ankagwira ntchito pachombo cha thanga chomwe chinkanyamula nkhuni ndi nsomba zouma kupita ku Likoma ndi ku Nkhotakota. M'thumba mwake mudalibe kanthu, koma pakamwa padali podzaza. Anyamata ena ankafunsira ndi chitenje kapena sopo. Iye adabwera ndi nkhani. A Hana adamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nafwenthera fodya, nati nkhani siivalika. Pili adamukwatiwa ndithu.

Tsiku lina masana, Selemane akusoka thanga long'ambika pansi pa mango, adati, "Abiti Mfaume, tikadzabala mwana wamkazi, dzina ndili nalo kale. Asumini."

"Asumini ndiye chiyani? Nsomba?"

"Ha! Duwa, mayi inu. Duwa loyera, laling'ono ngati chikhadabo cha mwana."

Ndiye adamufotokozera. Mkulu woyendetsa chombo chawocho adali nkhalamba ya ku Nkhotakota, yomwe makolo ake adachokera kugombe la Aswahili. M'chisoti mwake inkasunga kansalu komangidwa mfundo, momwe mudali timaluwa touma tomwe mayi ake adamusiyira. Tsiku lina mphepo itadula pakati pa nyanja, nkhalambayo idamasula kansaluko nimununkhiza Selemane. Idati Aluya amati Yasimini, ndipo iwonso adalitola dzinalo kwa anthu a dziko lina la kuseri kwawo. Lidakwera zombo mpaka kwa Aswahili, kumene pakamwa padalipinda n'kukhala Asumini, kenako lidayenda pansi ndi amalonda a nsalu ndi mikanda mpaka kufika panyanja ino. Kumeneko kugombe, akazi amathyola maluwawo asanamasule, kuwatunga paulusi, n'kumuveka mkwatibwi m'tsitsi. Mwana wamkazi akapatsidwa dzinalo ndiye kuti makolo akunena kuti, uyu ndi wochepa thupi, koma akalowa m'nyumba aliyense adziwa kuti walowa.

"Dzina lidafika kuno," adatero Selemane, "koma duwa lenilenilo lidatsala m'njira."

"Nanga limanunkhira bwanji?"

Katswiri wa nkhani uja adayang'ana kumwamba, nakanda ndevu, nati, "Ngati sopo wa azungu, koma wamoyo."

Pili adaseka mpaka misozi. Koma dzinalo lidamulowa. Ankalitchula yekha posinja, namva kuti likukoma pakamwa. Duwalo sadalionepo, ndipo sadzaliona konse mpaka kufa kwake, koma adalikonda monga munthu amakondera kwawo kwa mayi ake komwe sadapondeko.

Mwana wawo woyamba adali wamwamuna. Adamutcha Salimo, dzina la mtendere, ndipo adamwalira asanakwawe. Wachiwiri adali wamwamunanso, adamupatsa dzina la agogo ake, Mfaume, ndipo malungo adamutenga atangomera mano akutsogolo. Pili adalira koyamba mokuwa, kachiwiri mwakachetechete. Chaka chotsatira mbendera ya Apwitikizi itatsika, adabala mwana wamkazi, wochepa, wolira mofooka ngati kamphaka.

Mchombo utagwa, tsiku lotuluka m'chikuta, Selemane adabwera atavala mkanjo wobwereka, lumo lometera mwana lili m'manja, mbuzi ya sadaka ataimangirira pamtengo. Adapeza a Hana atakhala pakhomo, miyendo atatambasula, kutseka njira.

"Mukufuna kumutcha dzina lanji?" adafunsa mayiwo. Selemane atatsegula pakamwa, adamudula. "Ayi, musanditchulire, ndingalote nalo. Ndikuona pankhope panupo kuti ndi lokoma. Awiri aja mudawatcha okoma, ali kuti? Imfa ili ndi makutu, bambo inu. Imayenda m'mudzi kumvetsera amene akutamidwa. Uyu timutcha Tayani. Ikamva choncho idzati ichi ndi chotaya kale, n'kupitirira."

Izi sadazipeke a Hana. M'gombe monsemo mudali ana otchedwa Maliro, Manda, Mavuto, onse obadwa pambuyo pa anzawo omwe adapita. Ashehe ankadandaula nazo mumzikiti, abusa nawo m'tchalitchi, koma amene adakwirirapo ana awiri samvera ulaliki. Selemane adayang'ana mkazi wake. Pili adayang'ana kamwanako, mtima wake udagawanika, koma mantha ndiwo adapambana.

"Tidikire ayambe wayenda," adatero motsitsa.

Selemane adanong'oneza mawu oitanira kupemphero m'khutu mwa mwana monga mwa mwambo, nalekera pomwepo. Tsitsi silidametedwe, mbuzi idamasulidwa. Adapangana awiriwo kuti dzina lenilenilo alisunga m'mimba, osaliuza munthu, osalitchula ngakhale ali okha, mpaka tsiku limene bamboyo adzalinene yekha pamaso pa anthu, mbuzi itaphedwa. Nkhalamba ya pachombo ija idali itamwalira kale. Choncho padziko lonse lapansi odziwa kuti Tayani ndi Asumini adali anthu awiri.

Mwana adayenda. Mwezi womwewo chikuku chidalowa m'mudzi, ndipo Pili adati tidikire chidutse. Chidadutsa, mwana adasiya kuyamwa, koma mbuzi ija idali itagwidwa ndi ng'ona ikumwa madzi. Adati tidikire tipeze ina. Pamenepo chombo chija chidagona pamchenga posowa nsalu ya thanga, Selemane adasanduka msodzi wa bwato la eni, ndipo mbuzi idasanduka chinthu chongolota. Chaka chilichonse padali chifukwa, ndipo chifukwa chilichonse chidali chomveka. Zengerezu adalinda kwawukwawu, amatero akulu, koma amanena zimenezi anthu omwe ana awo ali moyo.

Chodabwitsa n'chakuti mwanayo adakula bwinobwino. Adali woonda, wamaso akulu, womvera mopitirira muyeso. Ukamutuma ankathamanga usanamalize kulankhula. A Hana ankamuloza ndi chala cha fodya n'kumati, "Mwaona? Mankhwala anga." Ndipo Pili, ngakhale ankadana nalo dzinalo, ankaopa kuti mwina mayiwo akunena zoona.

Kusukulu mphunzitsi adali wochokera kummwera, wolankhula Chipwitikizi chokhachokha. Iye adati Tayani ndi dzina lokongola, poti sankadziwa tanthauzo lake. Koma ana anzake ankalidziwa. Akamatumbula nsomba pagombe ankaponya matumbo kumapazi kwake n'kumaimba dzina lake. Tsiku lina mwanayo adafika kunyumba maso ali psu.

"Amayi, mudafuna kunditaya?"

Pili adasiya munsi. Funso limenelo lidamupyoza. "Iwe, ndani wakuuza zopusazo? Uli nalo lina. Labwino kuposa la wina aliyense m'mudzi muno."

"Liti?"

"Bambo ako adzakuuza. Ndi ntchito yawo imeneyo."

Selemane atamva zimenezi adati basi, zakwana. Mwezi wosala ukatha, pa Idi, mwana alandira dzina lake. Adamanga mtolo wa utaka wouma kuti akwere nawo ku Maniamba, kumtunda kwa alimi a chimanga, akasinthe ndi kambuzi. Nthawi imeneyo mbiri ya nkhondo idali itayamba kumveka kumapiri, ndipo Pili adamugwira mkono.

"Njira yaipa, bambo."

"Pasiyensiya, lezani mtima, Abiti Mfaume. Mawa lino ndabwera. Mungokonzeratu mpunga."

Sadabwere. Ena adati a mfuti a m'tchire adamugwira panjira kuti awasenzere katundu. Ena adati asilikali adamukweza galimoto pamodzi ndi amuna ena. Wina adalumbira kuti adaona mtolo wa utaka uli mbwee pamsewu. Pili adafunsa uku ndi uku mpaka anthu adayamba kumuzemba. Mtembo kudalibe, choncho maliro kudalibenso. Adakhala mkazi wosadziwa ngati ndi wamasiye. Idi idafika, idapita. Odziwa dzina adatsala mmodzi.

Zaka zotsatirazo n'zotopetsa ngakhale kuzinena. Nkhondo ya kunyanja kuno siidali ya tsiku lililonse. Inkabwera, n'kupita, n'kubweranso anthu atangoyamba kupuma. Mphekesera ikamveka, mudzi wonse unkathawira m'matanthwe kapena kukwera mabwato n'kukayandama pamadzi mpaka zitadutsa. Pobwera ankapeza nkhokwe zili pululu, mapoto atatengedwa, nthawi zina nyumba zili phulusa. Ankamanganso. Mchere udasowa, sopo adaiwalika, akazi adavala masaka. Sukulu idatsekedwa, mphunzitsi uja adathawira ku Metangula komwe kudali asilikali a panyanja. Miyendo ya a Hana idatupa mpaka kulephera kuyenda, ndipo pothawa Pili ankawabereka kumsana, iwo akumutukwana kuti akuwagwedeza. Pili adaonda, mano ena adaguluka, ndipo adayamba kugona tulo tosatsitsimula.

Poyamba mwana ankafunsabe. "Amayi, poti bambo sakubwera, ndiuzeni inuyo."

"Abwera."

"Nanga akapanda kubwera?"

"Tseka pakamwa."

Zoona zake, Pili ankaopa ziwiri. Kulinena yekha dzinalo kukadakhala kuvomera kuti Selemane adafa. Ndiponso, imfa ikuyenda masana ndi mfuti paphewa chonchi, ndani angatame mwana wake mokweza? Adati tidikire nkhondo ithe. Mwanayo, pokhala womvera, adasiya kufunsa, ndipo kusiya kwakeko kudamuwawa Pili kuposa mafunso aja.

Kenako padabuka vuto lomwe mayi aliyense wa mwana wamkazi ankaliopa. Tayani adayamba kusinkhuka. A m'tchire aja akalowa m'mudzi sankatenganso chinangwa chokha. Ankatenga atsikana a msinkhu womwewo, ndipo obwerako adali ochepa. Pili adamumeta mwana wake mpala, nammanga nsanza pachifuwa, namupaka phulusa kumaso kuti azioneka ngati kamnyamata kodwala. Ankachita zimenezi ndi mkwiyo. Moyo wake wonse wa umayi adakhala akunyansitsa mwana wokongola kuti asaonedwe, poyamba ndi dzina, tsopano ndi phulusa.

Atsikana atatengedwa m'mudzi woyandikana nawo, mnansi wake Teodora adabwera kuthandala komwe Pili ankatembenuza usipa. Teodora adali Mkhristu, koma adakulira limodzi, ndipo ankabwerekana moto ndi lichero kuyambira kale. Mwamuna wake, Silasi, adali ndi boti lamatabwa lomwe adalimata ndi phula n'kulisokera thanga la masaka.

"Mana Pili, m'bale wanga, ife tatopa. Mawa tikuwoloka, kwa abale athu ku Nkhotakota. Boti ladzaza kale, koma a Silasi ati malo a mmodzi alipo. Mupatseni mwanayu."

"Nanga ine?"

Teodora adayang'ana kunyumba komwe a Hana adakhala padzuwa, miyendo ili ngati mitondo. Mayi amene adakulera sumusiya kuti afe ndi ludzu pakhonde. Komanso, ngakhale Pili sakadavomera pamaso pa munthu, ankaganizabe kuti Selemane akadzatsika phiri apeze munthu pakhomo.

M'mawa mwake vuma adayamba kuwomba kuchokera kumapiri, mphepo yomwe imakankhira mabwato kutsidya. Pili adamangira mwana wake ufa wa kondowole m'kansanza. Potuluka, a Hana adamukoka saka lomwe adavala namunong'oneza.

"Ndikukudziwa iwe. Usachite zopusa. Tsiku lowoloka madzi si tsiku lotama mwana. Nyanja imamva kuposa manda."

Pagombe padali piringupiringu wa anthu, mitolo, nkhuku zomangidwa miyendo, ana olira. Silasi ankakalipa kuti afulumire mphepo isanatembenuke. Tayani adaima pafupi ndi mayi ake, mutu wampala, phulusa lidakali m'masaya. Nthawi yokwera itakwana, adafunsa chomwe adasiya kufunsa kalekale.

"Amayi, kumeneko akandifunsa dzina, ndikati chiyani?"

Dzinalo lidakwera mpaka pammero pa Pili. Adayang'ana boti lolemedwa, m'mbali mwake mutatsala pang'ono kumwa madzi, ndi nyanja yosaoneka tsidya. Adakumbukira timanda tiwiri tija. Adameza.

"Ukanene lomwe uli nalo. Linalo ndidzakuuza ndikabwera."

"Chabwino, amayi."

Silasi adamukweza, namukhazika pakati, nampatsa chipanda. "Iwe ntchito yako ndi kukapa madzi. Usacheuke, usaimirire, wamva?" Mwanayo adagwedeza mutu nayamba kukapa pomwepo, msana atalozetsa kumtunda. Amuna adakankha boti, thanga la masaka lidafufuma, ndipo lidayamba kutsetsereka.

Lidali lisanapite patali pamene Pili adazindikira chomwe wachita. Ndikabwera? Abwera liti, pa chiyani? Adadziona mmene adalili, mayi wotha mano, wotsokomola, wokhala m'mudzi womwe unkapsa chaka ndi chaka. Selemane adanyamuka nalo dzinali nasowa nalo m'phiri. Iye akangogwa mawa, ligwera naye m'dzenje, ndipo mwana wake adzakula, kukwatiwa, kubala, kukalamba, n'kuikidwa m'manda ali Tayani, akukhulupirira kuti lina lija lidali bodza lomutonthoza. Mantha a imfa omwe adamumanga zaka zonsezi adaduka ngati chingwe chovunda. Adathamangira m'madzi mpaka m'chiuno.

"Asumini!"

Aka kadali koyamba kulitchula mokweza chibadwire mwanayo. Lidatuluka losasa, ngati la munthu wina. Mphepo idali kumbuyo kwake, ndipo idalinyamula bwinobwino mpaka kubotiko. Teodora adacheuka, akazi ena adacheuka, nayang'anana kuti akuitanidwa ndani. M'botimo mudalibe Asumini. Kamutu kampala kaja kadangoweramabe, chipanda chikukwera ndi kutsika.

"Asumini! Asumini, iwe!"

Adakuwa mobwerezabwereza, madzi akumufika pachifuwa. Anthu otsala pagombe adayamba kunong'onezana kuti mayiyu mutu wasokonekera. Mwana wake ankamva ndithu, koma ankamva monga munthu amamvera dzina la mwana wa eni. Adauzidwa kuti asacheuke, ndipo padalibe chifukwa chochitira mwano poti woitanidwayo sadali iye.

Pili ankadziwa liwu lomwe likadatembenuza mutuwo. Adalimbana nalo, poti m'madzi momwemo adali atalumbira kuti salitchulanso. Adaliuma pakamwa, boti likucheperachepera, mpaka adaona kuti akapitiriza kuuma mtima sadzaionanso nkhope ya mwana wake.

"Tayani!"

Nthawi yomweyo mwana adatembenuka. Adakweza chipanda m'mwamba, akumwetulira, kuonetsa mayi ake kuti ntchito akuigwira. Pili adayesa kukuwa zotsalazo, kuti dzina lako ndi lija, ndi duwa, bambo ako ndiwo adakusankhira, koma mawu ambiri chotero sawoloka mtunda wotere. Silasi adalankhula kanthu, ndipo mwanayo adatembenukanso napitiriza kukapa.

Pili adaima m'madzimo mpaka thanga lidasanduka kadontho. Kenako adatuluka, saka lomwe adavala likudontha, nayenda pang'onopang'ono kupita kunyumba. Sadalire. Adali atatopa kwambiri moti ngakhale misozi idamukanika.

A Hana adali pomwe adawasiya, akupera fodya pachikhatho.

"Wapita?"

"Wapita."

"Wanyowa bwanji chonchi? Sudachite zopusa pamadzi paja?"

Pili adafinya m'mphepete mwa sakalo. "Ndamuitana Tayani," adatero. "Watembenuka."

"Eya," adatero a Hana, nakoka fodya mokhutira. "Ndiye kuti akafika."